Pepala Limene Ndinasita ku Drumcondra

Unyamata wanga wonse ndinagulitsa kaunjika mumsika wa ku Limbe, ndipo chimene ndinaphunzirako n'chimodzi: malaya okwinyika ndi a pamulu, koma malaya omwewo ukawasita amakwera pa hang'ala, mtengo wake n'kukwera nawo limodzi. Nzeru zanga zonse ndi zomwezo. Ndinawoloka nazo nyanja, ndinakhala nazo zaka zija zodikira chilolezo m'nyumba ya anthu othawa kwawo, kenaka ndinalowa nazo m'nyumba ya mayi wina wokalamba ku Drumcondra, kumene zinandigwetsa chagada.

Ntchito yanga kuno ndi yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Nthawi imeneyo ndinkadzuka ku Balbriggan, n'kukwera sitima ya m'mawa yopita m'tauni. Sitima imeneyi imayenda m'mbali mwa nyanja, ndipo ikafika cha ku Malahide imadutsa pamwamba pa madzi penipeni. Nkhungu ikagwa sudziwa pomwe madzi athera ndi pomwe thambo layambira, zonse n'zotuwa, ngati chiperoni cha kwathu chimene chinaiwala kusiya. Anthu onse amakhala atawerama pa mafoni awo. Ine ndinkatsamira pagalasi, theka ndili maso, theka ndili ku Limbe ndikudula zingwe za belo latsopano. M'matumba a majekete a m'belo tinkapezamo matikiti a basi a kumayiko amene sitinkawadziwa. Ndimaganiza kuti mwina tikiti ina mwa imeneyo inali ya msewu womwe ndinkaupondawu.

Mayi a ku Drumcondra aja anali aatali, owonda, akuthwa pakamwa. Kumbali ndinkawatchula kuti adona, pamaso pawo ndinkangoti mayi. Sitiroko inawafooketsa dzanja lamanja, koma lilime inalisiya lonse. Anali wojambula. Ali mtsikana anakakhala ku Japan, m'mudzi wina wa kumapiri komwe anthu amapanga mapepala ndi manja, ndipo chibwerereni kumeneko sanagwirenso penti wa mtundu wina uliwonse. Chawo chinali pepala la ku Japan ndi inki yakuda basi. Nyumba yonse inadzaza zithunzi zawo, koma munalibe munthu, ng'ombe kapena mtengo woti n'kuuloza. Munali mizere, mitambo, madontho, ndi malo ambiri osajambulidwa.

Tsiku loyamba ndinaima pa chithunzi china m'khonde la m'kati, ndinachiyang'ana ngati mmene ndinkayang'anira jekete losowa dzanja limodzi.

"Mayi, ichi chinatha, kapena inki inakutherani?"

"Iwe wabwera kudzandisambitsa kapena kudzandiweruza?"

"Zonse ziwiri, mayi. Mtengo wake ndi umodzi."

Sanaseke, koma madzulo ake anaimbira ku ofesi yathu kuti asawatumizirenso munthu wina. Kuyambira pamenepo ankanditchula kuti wamalonda.

Kuseri kwa khitchini kunali chipinda chawo chogwirira ntchito, cha zenera lalikulu loyang'ana kadimba konyowa. Ndikamaliza kuwasambitsa, kuwapatsa phala ndi kuonetsetsa kuti amwa mankhwala, ankandikhazika m'menemo kuti ndipere inki. Inki imeneyi sibwera m'botolo. Ndi kamtengo kakuda kolimba, kotalika ngati chala, kopangidwa ndi mwaye wosakaniza ndi guluu wa zikopa. Umathira timadontho ta madzi pa mwala wosalala, n'kumapera kamtengoko mozungulira mpaka madziwo atada. Ine ndinkapera ndi mphamvu za munthu wofuna kuweruka.

"Ukupera ngati ukuthamangira basi," ankatero adona. "Inki ya munthu wothamanga imatuluka yaukali. Leka dzanja lizilemera lokha."

Ndiye ndinaphunzira kuleka. Ukapera pang'onopang'ono pamatuluka kafungo kozizira, ka utsi wakalekale. Nthawi yoyamba kundipeza ndinadabwa kuti maso anga anyowa. Linali fungo la khoma la m'nyumba ya bambo anga ku Bangwe, pamwamba pa pomwe tinkaika koloboyi. M'mawa ndinkapeza pakhomapo chikuda chooneka ngati lilime, ndinkalembapo ndi chala, kenaka n'kulandira khofi chifukwa chodetsa malaya a sukulu. Ndinkapera, mvula ikuwaza pazenera, adona akusinza pampando, ndipo sindinkadziwa bwino ngati ndili ku Drumcondra kapena kunja kukulira minibasi za ku Bangwe. Maola ena pa ntchito imeneyi amakhala aatali ngati maliro a kwa eni. Ola lopera inki linkatha ngati madzi m'manja.

Sikuti ndinasanduka munthu wina. Tsiku lina anandituma ku sitolo ya ojambula m'tauni kukagula burashi ya ubweya wa mbuzi. Ndinaitembenuza uku ndi uku, ndinapukusa mutu, ndinauza mtsikana wogulitsayo kuti ubweya ukuoneka ngati wa mbuzi yodwala, anditsitsireko. Anandiyang'ana mwachifundo, n'kundifunsa ngati ndikufuna thumba. Ndinanyamuka kupita kukhomo pang'onopang'ono, monga timachitira, kudikira kuti andiitane. Sanandiitane. Ndinaima panja pamvula kwa kanthawi kuti ulemu ubwerere, kenaka ndinalowanso n'kugula.

M'chipinda chija munali pepala limodzi limene adona sankalola kuti aliyense aligwire. Linali lalikulu ngati chitseko. Anandiuza kuti amene analipanga ndi mkulu wina wa m'mudzi uja, kuchokera ku khungwa la mtengo wofanana ndi mabulosi, ndipo mkuluyo anamwalira kale. Mapepala ake ena onse anatha, lotsala linali lomwelo. Ndinawauza kuti kwathunso makolo ankasula khungwa n'kupanga chiwondo chovala, ngakhale kuti ine ndinachiona kamodzi kokha, m'nyumba yosungira zakale. Anandiyang'ana nthawi yaitali tsiku limenelo, ngati aona kuti m'belo lotchipa muli jekete labwino.

Pepalalo linali ndi ntchito yake. Kanyumba kena koonetsera zithunzi, kufupi ndi mtsinje wa Liffey, kankakonza chionetsero cha anthu a masiku ano amene amajambula ndi pepala ndi inki ya ku Japan. Ambiri anali achinyamata. Adona anawapatsa khoma la kumapeto, lonse, kuti aikepo chithunzi chimodzi chatsopano. Chiwagwirireni sitiroko anali asanajambulepo kanthu.

Panalinso mwana wawo wamkazi, munthu wabwino koma wotopa, amene ankabwera Lamlungu lililonse ndi mafomu a kunyumba yosungirako okalamba. Ankawasiya pa tebulo la m'khitchini, pansi pa botolo la shuga. Adona anamuuza ine ndili pomwepo ndikupukuta mbale:

"Chithunzi ichi chikatheka, ndikhala m'nyumba mwanga. Chikalephereka, ndikiya chipinda chija, ndisaina mafomu akowo, ukandisiye kumene ukufunako. Munthu wosajambula angakhale paliponse."

Ndiye mukuona chimene chinali pa pepala limenelo.

Tsopano, tsiku lililonse ndikamapera inki, adona ankatenga pepala lija n'kuyamba kulikwinya. Ankalipinda, kulifinya, kulifumbata m'dzanja lodwala lija, nkhope itachita tsinya, mano ataluma mlomo. Ankalitambasula, n'kuyambanso. Miyezi inapita, pepala lija linafika pooneka ngati nsalu ya pabedi yomwe agonera anthu anayi. Ine ndinkaona, mtima n'kumandiwawa. Ndinkati mayi awa akwiyira dzanja lawo, ndipo mkwiyo wawo ukuthera pa katundu wabwino. Mungafunse kuti bwanji sindinawafunse. Wamalonda safunsa. Ukafunsa pamsika ndiye kuti waonetsa kuti sudziwa, ndipo ukaonetsa kuti sudziwa wadyedwa kale. Iwonso sanandiuze kanthu, poti kwa iwo zinali zodziwikiratu ngati kuti madzi amanyowetsa.

Lachiwiri lina, kutatsala masabata atatu kuti chionetsero chitsegulidwe, mwana wawo anawatenga kupita nawo kuchipatala kukalimbitsa dzanja. Ine ndinatsala ndi zochapa. Ndinasita mabulawuzi awiri, siketi, nsalu za pa pilo. Simbi idakali yotentha, maso anga anagwera pa pepala lija, litaunjikika pampando ngati chinthu chotayidwa. Ndinati lero ndiwachitira mayi awa chinthu choti sadzaiwala. Pamenepo pokha sindinaname.

Ndinaliyala pa tebulo lalikulu, ndinawaza timadzi ndi zala monga tinkachitira kumsika, n'kuyamba kuchokera pakona. Ndisabise, inali ntchito yokoma. Makwinya ankagona pansi pa simbi ngati udzu pamphepo. Nthunzi inkakwera ndi fungo la khungwa lofunda, fungo la nkhuni zaziwisi zoyandikira moto. Dzuwa linatulukako pang'ono n'kuwala pa pepalalo, ndipo ndinaona timaluzi tating'ono tikuyandama m'kati mwake ngati tinsomba m'madzi oyera. Ndinayamba kuona mzere wa mashedi athu ku Limbe, m'mawa kusanabwere makasitomala, aliyense ali ndi simbi yake ya makala akuipukusa m'mwamba kuti moto uyake, phiri la Mpingwe litafunda nkhungu mpaka m'chiuno. Ndinamva mnzanga wa shedi loyandikana akuimba nyimbo ya kutchalitchi molakwitsa mawu. Ndinaima kuti ndimvetsere. Dzanja linaima nane limodzi.

Fungo ndi limene linandidzutsa. Nditanyamula simbi, chapamwamba pa pepalalo, kumanzere pang'ono, panali chipsera chofiirira, chosongoka kutsogolo, chithunzi chenicheni cha simbiyo. Sichinaboole. Ndinadziuza kuti n'chaching'ono, kasitomala wabwino sangachione. Ndinamaliza kusita mbali yotsalayo, poti ntchito yosiyira panjira imaoneka yoipa kuposa.

Atabwera, adona analowa m'chipindamo ndi ndodo yawo, mwana wawo ali m'mbuyo. Ine ndinaima pambali, manja kumbuyo, ngati mwana wa sukulu wodikira mphoto. Pepala linali tandale pa tebulo, losalala, lowala, louma ngati katoni.

Sanakuwe. Anakhala pampando pang'onopang'ono, anaika dzanja lodwala lija pa pepalalo, n'kumalisisita.

"Wachita chiyani, wamalonda?"

"Ndalikonza, mayi. Linakwinyika."

"Linakwinyika." Anabwereza mawuwo motsitsa. Kenaka anandifotokozera, ndi mawu a munthu amene akuuza dokotala pomwe pakupweteka. Pepala lotere amayamba alipaka phala lopyapyala la ufa wa mbewu ina yonga koko, likauma amalikwinya dala, tsiku ndi tsiku, mpaka lifewe ngati nsalu. Makwinyawo ndiwo njira za inki. Burashi ikadutsa, inki imagwira pa timitunda, n'kutsikira m'timakwawa, ndipo dzanja lonjenjemera ngati lawolo silioneka kuti lanjenjemera, chifukwa pepalalo limanjenjemera nalo limodzi. Pa pepala losalala mzere wawo ukanaoneka ngati wa munthu wodwala.

"Miyezi itatu ya dzanja ili," anatero. "Waisita pa ola limodzi. Ndi chidindo waikapo."

Anatembenukira kwa mwana wawo. "Lamlungu ubwere ndi cholembera." Kwa ine anangoti, "Uzipita. Mawa usachedwe, ndidzafunabe kusamba."

Ndikanakonda akananditukwana. Ndinayenda wapansi mpaka ku siteshoni ya Connolly osamva kuti mvula ikundinyowetsa. Ndili pa pulatifomu ndinaimbira mkazi wanga, amene anali pa nthawi yopuma kuntchito kwake.

"Mwati mwasita chiyani, abambo?"

"Pepala."

"Pepala." Ndinamva akuika kapu pansi. "Kunyumba kuno malaya anu a kutchalitchi ndimasita ndine, inu mumati msana ukupweteka. Kwa azungu mwafika posita mapepala. Mawa musita letesi."

"Si zoseka, amayi. Mayi aja akupita kunyumba ya okalamba chifukwa cha ine."

Kenaka anafunsa, "Ndiye pepalalo alitaya?"

"Ayi. Ndawasiya ali nalo pa tebulo. Dzanja lawo lili pomwepo."

Nditanena mawu amenewo ndinaona chinthu chimene maso anga anaona kale koma mutu unali usanalandire. Pamsika, kasitomala akhoza kunena kuti ayi kakhumi, akhoza kunyoza nsalu, kunyoza iwe ndi mtundu wako. Usamamvere pakamwa, uziyang'ana dzanja. Ngati dzanja lidakali pa jekete, malonda sanathe. Nthawi yonse imene adona ankanena za cholembera ndi mafomu, dzanja lawo silinachoke pa pepala lija.

Sitima inadutsa pa Malahide madzi ataphwa, matope akuwala, mbalame zoyera zitaima chiriri ngati zaiwala chimene zinabwerera. Ndinaganiza njira yonse. Kupepesa ndinkadziwa kuti sikuthandiza. Akanandikhululukira mwaulemu, n'kusaina. Njira ina imene ndinkaidziwa inali imodzi yokha, ya wogula wopanda manyazi: ukafuna kudziwa ngati mwini katundu akumukondadi katundu wake, umamunyoza katunduyo pamaso pake.

M'mawa mwake ndinawasambitsa, ndinawapatsa phala. Kenaka ndinalowa m'chipinda chija, iwo akundiona, n'kuyamba kukulunga pepalalo.

"Ukutani?"

"Poti lawonongeka, mayi, ndipatseni. Lingokudzazirani malo."

"Ukatani nalo?"

"M'bale wina wabwera ndi usipa kuchokera kumudzi, tinsomba touma. Tikusowa pokulungira. Lotsala ndiyala m'kabati ya nsapato."

Ndinamva ndodo ikugunda pansi, kamodzi, kawiri, mpaka anafika pa tebulo.

"Nsomba," anatero. "Munthu amene anapanga pepala ili ankatsuka khungwa mumtsinje nthawi yachisanu, madzi ake oti iwe sungaviikemo ndi chala. Ankatola tizitsotso kamodzikamodzi ndi zikhadabo, masiku ndi masiku. Iwe ukuti nsomba."

"Zimenezo n'zakale, mayi. Ine ndikunena mmene lilili lero. Lopserera, louma. Ku Limbe ngakhale wokazinga tchipisi sangalilandire. Likhoza kung'ambika ndisanafike pa siteshoni."

"Kung'ambika?" Anagwira mbali ina ya pepalalo, ine ndili ndi mbali inayo. "Pepala ili ungalichape, ungalisoke n'kulivala. Anthu ankavala malaya a pepala ngati ili nyengo yonse yozizira. Lidzakhalapo iwe ndi ine titaiwalika, mbuli iwe ya simbi."

"Ndiye ngati n'lolimba choncho, kasimbi kanga kalipha bwanji?"

Kunja basi inadutsa, magalasi a zenera ananjenjemera. Zimene ndinkachitazo n'zankhanza kuchitira munthu wokalamba, ndipo akanangotsegula dzanja lija n'kunena kuti tenga, ndikanatuluka m'nyumbamo ndi pepala lokulungira usipa komanso tchimo loti sindikanalisenza. Koma ndinkamva kukoka kumbali yawo. Dzanja lodwala lija, limene linkagwetsa supuni, linali litagwira.

"Silinafe," anatero mapeto ake. "Likhoza kukwinyidwanso. Koma ine ndilibe miyezi itatu."

"Muli ndi manja anga. Ndipatseni masabata awiri. Manja anga, malamulo anu."

"Manja amene anachita izi? Masiku atatu, ndione ngati uli ndi nzeru."

"Mayi, masiku atatu ngakhale thewera silifewa. Khumi."

"Asanu."

"Mukundipha. Ndili ndi ana. Asanu ndi atatu, ndipo inki ndizipera yaulere."

"Inki umapera kale yaulere. Sabata imodzi. Ukaling'amba ndikupachika iweyo pa khoma lija."

Ndinawapatsa dzanja. Chichokereni ku Limbe ndinali ndisanamenyepo malonda okoma ngati amenewo.

Tinalipakanso phala lija, iwo akuloza ndi ndodo, ine ndikupaka, n'kuliyanika pa mipando iwiri. Litauma anandiphunzitsa kakwinyidwe kake. Umayamba wapindira makona onse anayi m'kati kuti asang'ambike. Kenaka umalisonkhanitsa m'manja mofatsa ngati ukunyamula nkhuku yoti isalire, n'kumafinya pang'ono, kutembenuza, kufinya. Umalitambasula, kulisisita ndi chikhato, n'kuyambanso. Tsiku loyamba linkalira ngati masamba ouma a chimanga. Tsiku lachitatu linayamba kunong'ona. Ndinapeza kuti manja anga akuidziwa ntchitoyi. Zaka zonse zija ndinkapisa m'belo osayang'ana, n'kudziwa ndi zala kuti uyu ndi thonje, uyu ndi nayiloni, uyu wavalidwa zaka zambiri ndi munthu amene ankamukonda. Moyo wanga wonse ndinkachotsa ukalamba pa zovala kuti zioneke zatsopano. Tsopano ndinali kuubwezera, khwinya limodzi limodzi.

Loweruka ndinapita ngakhale silinali tsiku langa. Ku bwalo la Croke Park kunali mpira, misewu itadzaza anthu ovala mitundu ya kwawo, ndipo m'chipinda chija phokoso la bwalolo linkafika ngati nyanja yakutali, kukwera, kutsika. Adona ankasinza, n'kumadzuka kudzagwira pepala ndi nsonga za zala. "Bado, silinafewe," ndikanatero ine, koma iwo ankangopukusa mutu. Ndinkakwinya ndikuyang'ana mvula, ndipo nkhope za makasitomala akale zinkabwera zokha: mphunzitsi amene ankagula tayi imodzi mwezi uliwonse, mayi amene analira atapeza diresi lofanana ndi la malemu mchemwali wake. Pepala linkachepa m'manja mwanga, likufunda ngati chamoyo. Lamlungu mwana wawo anabwera ndi cholembera, anatipeza tili choncho, anachibwezera m'chikwama.

Chipsera chokha ndicho chinakana. Makwinya analowa m'kati mwake, koma mtundu unatsala, ndi nsonga yake yoloza kumwamba. Ndinati mwina tidule mbali imeneyo.

"Usachikhudze," anatero adona. "Ndakhala ndikuchiyang'ana sabata yonse. Chili pamalo pomwe ine sindikanalimba mtima kuikapo kanthu."

Anajambula Lachinayi m'mawa. Ndinapera inki pafupifupi ola lathunthu, mpaka inada ngati m'kati mwa mtsuko. Tinayala pepala pa tebulo pamwamba pa bulangeti, miyala inayi m'makona. Anakana kukhala pansi. Ndinaima kumbuyo kwawo nditagwira lamba wa m'chiuno, monga anatiphunzitsira kugwira munthu woti angagwe. Anatenga burashi ya mbuzi yodwala ija ndi dzanja lamanja, lamanzere litachirikiza pamkono. Anaiviika, anaipukutira m'mbali mwa mwala, n'kuima.

Anaima nthawi yaitali. Ndinkamva kupuma kwawo kudzera m'lamba uja. Ndinkaona nsonga ya burashi ikunjenjemera m'mwamba, ndipo ndinayamba kupemphera m'Chichewa, chamumtima, pemphero la munthu amene waika katundu wake yense pa kasitomala mmodzi.

Kenaka anatsitsa. Anayamba kumanzere, pansi pa chipsera chija, n'kuyenda cha kumanja, osati ndi dzanja lokha koma thupi lonse, ine ndikusuntha nawo ngati tikuvina. Mzere umodzi, kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Poyamba unali wakuda bii, pakati unayamba kuuma n'kumagwira pa timitunda tokha, kumapeto unatsala ngati mpweya. Titaima, inki inapitiriza kuyenda yokha. Inkatsikira m'makwinya, m'timakwawa tonse timene manja anga anakumba sabata ija, kugawikana, kukumananso, ngati madzi a mvula yoyamba pabwalo louma. Pomwe dzanja lawo linanjenjemera sindinapapeze. Anasungunula inki ina ndi madzi ambiri, anadutsitsa kotuwa kawiri pansi pa mzerewo, n'kuika burashi pansi.

"Ndikhazike," anatero.

Nditawakhazika ndinayang'ana. Ndinaona pa Malahide m'mawa wa nkhungu, madzi ndi thambo zitagwirana, ndi kabwato kofiirira kataimirira patali. Ndinawauza choncho.

"Si bwato. Si chinthu chilichonse. Ndi simbi ya chitsiru. Ndipangire tiyi."

Koma tiyiyo anamwa dzanja lina lili m'dzanja langa, ndipo zimenezo anali asanachitepo.

Pa tsiku lotsegulira tinapita ndi mkazi wanga, ine nditavala malaya amene ndinasita ndekha, poti anandiuza kuti luso ndili nalo. Munali zinthu zodabwitsa m'kanyumbamo: mapepala olendewera kudenga ngati zochapa za mizimu, ena oboola ndi singano kuti kuwala kudutse, lina lalitali lochoka pakhoma n'kuyenda pansi. Chithunzi cha adona chinali kumapeto, chopanda galasi, chopanda felemu, chitangogwidwa m'mwamba, ndipo munthu akadutsa chinkapuma pang'ono. Bambo wina wa mpango m'khosi ankafotokozera anzake kuti chofiiriracho ndi khomo limene munthu amadutsa pochoka m'dziko lino. Anawerama kwa adona n'kufunsa kuti anachipanga motani.

"Ndi njira ya ku Limbe," anatero adona, nkhope ili gwa. "Imafuna munthu wolota masana."

Bamboyo analemba m'kabuku kake. Mkazi wanga ananditsina m'nthiti mpaka ndinatsokomola.

Lolemba ndinapeza mafomu aja achoka pansi pa botolo la shuga. Anali m'chipinda chogwirira ntchito, atatembenuzidwa, kumbuyo kwake kuli timizere takuda ndi totuwa. Adona ankayeserapo inki.

"Pepala la boma," anatero, "silimwa bwino. Khala pansi, pera."

"Mujambula pa chiyani, mayi? Lija linali lomaliza."

"Ndaitanitsa ena. Si abwino ngati lija, ndi ouma, ofuna manja. Ali khumi."

"Khumi? Tinagwirizana pepala limodzi lokha."

"Asanu ndi atatu."

"Anayi, ndipo mundiuze kumene mwaika simbi. Mabulawuzi anu akudikira."

Anasisita thumba la juzi lawo, ndinamva kiyi akulira. Simbi anaikiyira m'kabati ya pansi pa masitepe, ndipo nyengo yonse yozizira imeneyo ankalandira alendo m'nyumba mwawo atavala zokwinyika.